Kodi Nthano Ili ndi Msinkhu?

Lamulungu lina m'nyengo ya mwera, Misa itangotha ndipo anthu akupatsana moni pabwalo la tchalitchi, mayi wina wa ku Chintheche anandiitanira pambali natulutsa buku lachingerezi m'chikwama chake. Linali buku lonenepa, lothimbirira m'mbali chifukwa chodutsa m'manja ambiri. Pachikuto pake panali mtsikana atagwira lupanga, ndipo kumbuyo kwake kunali chinjoka chamapiko chikulavula moto.

"Aphunzitsi," anatero mayiwo, "mwana wanga wabwera nalo ili kuchokera ku sekondale, ndipo chibwerereni sakugona. Nditamufunsa wandionetsa timawu iti kuseriku, akuti amayi musade nkhawa, eni ake alemba kuti ndi la achinyamata. Nanga ine ndiwakhulupirire eni akewo?"

Timawuto tinali tiwiri, "Young Adult", kutanthauza munthu amene wasiya ubwana koma sanakhazikike pa ukulu. Masiku ano mabuku ambirimbiri a nthano zodabwitsa, za maiko amene kulibe, za zinjoka, mphete zamphamvu ndi nyama zoyankhula, amafika kuno atadindidwa mawu amenewa. Funso la mayi uja ndi la makolo ambiri m'maparishi athu, ndipo kuti tiliyankhe bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono, tione kumene mwambo wopatsa nthano msinkhu unachokera, pakuti makolo athu sanali nawo.

Aliyense amene anakulira m'mphepete mwa nyanja ino akudziwa m'mene nthano inkakambidwira. Masana sinkakambidwa; masana ndi a khasu, a nkhafi ndi a kukonola chinangwa. Inkadikira kuti dzuwa lilowe, kondowole adyedwe, moto utsale makala. Wokamba kawirikawiri ankakhala gogo, ndipo ana ndiwo ankakhala kutsogolo, n'zoona. Koma tiyeni tikumbukire bwino amene ankakhala kumbuyo kwa anawo. Kunali mkamwini akusoka ukonde wake, kunali mayi akutongola chimanga, kunali namwali amene ankadziyesa wamkulu koma nyimbo ya nthano ikafika ankavomera mokweza kuposa onse. Pamene Achewa amayankha kuti "Tili tonse", mawuwo amanena zenizeni: palibe amene anauzidwa kuti iwe wakula, choka. Nthano imodzi yomweyo ya Kalulu ndi Fisi mwana ankamvamo kuseketsa kwa Fisi wadyera, mnyamata ankamvamo kuchenjera kumene wochepa mphamvu amapulumukira, ndipo mkulu wina pakona ankangokhosomola, podziwa kuti gogo wamulasa iye pa mlandu wa dzulo popanda kumutchula dzina.

Sindikunena kuti makolo sankasiyanitsa misinkhu. Ankasiyanitsa kwambiri, mwina kuposa ife. Zinalipo zimene mtsikana sankayenera kumva kufikira atatha msinkhu ndi kulangizidwa ndi amayi aakulu, ndipo zinalipo zimene mnyamata ankazimva pokhapokha atayamba kukhala ndi amuna pamphala. Koma chimene ankabisa ndi mwambo, osati nthano. Mwambo unali ndi chitseko chake. Nthano inali ya pabwalo.

Chitseko cha nthano chinabwera ndi sukulu. M'chaka cha 1881 amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, anasamuka ku Cape Maclear nadzakhazika mishoni yawo pa Bandawe, kufupi ndi Chintheche. Atonga, amene anali atangodzimasula kwa Angoni zaka zochepa m'mbuyomo, anailandira sukulu ndi manja awiri, kotero kuti posapita nthawi dera lino linatchuka ndi anthu odziwa kuwerenga ndi kulemba. Tsono sukulu ili ndi khalidwe lake: imaika ana m'magulu monga mwa zaka ndi nzeru zawo, ndipo gulu lililonse liyenera kukhala ndi buku lake. Mphunzitsi akafuna chowerenga chosavuta cha ana oyamba, amatola chiyani? Amatola chimene anawo akuchidziwa kale, Kalulu ndi Fulu. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930 Filemon Chirwa anasonkhanitsa nthano za kuno m'buku lotchedwa Nthanu za Chitonga, ndipo tiyenera kumuthokoza, pakuti zambiri zikanapita kumanda pamodzi ndi eni ake. Koma taonani chimene chimachitika nthano ikalowa m'kalasi. Nyimbo yake imasanduka mizere yakuda papepala. Wovomera palibe. Mkulu uja wokhosomola pakona palibenso. Ndipo mwana akakwera kalasi, buku la nthano amalisiyira mng'ono wake, iye n'kutenga la mbiri ya mafumu a ku England. Phunziro limene sanaphunzitsidwe ndi mawu koma analimva ndithu ndi lakuti nthano ndi chinthu chimene munthu amachisiya akakula, monga kabudula wothina.

Kuno kunyanja kunagwanso china. M'chaka cha 1968 boma linalamula kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cha fuko lonse, ndipo ziyankhulo zina zinachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Mwana wa Chitonga anayamba kuwerenga nthano za m'chiyankhulo china m'kalasi, pamene za agogo ake zinatsala kunyumba zopanda buku. Ndi chifukwa chake ntchito ya David Mphande, amene pambuyo pake analemba miyambi ndi nthano za Atonga nafotokoza m'mene zinkaphunzitsira makhalidwe, ili yamtengo wapatali.

Tisaganize kuti zimenezi zinachitikira ife tokha. Ku Ulaya nakonso nthano zinali za anthu onse zisanatsekeredwe m'chipinda cha ana. Pamene Jacob ndi Wilhelm Grimm anatulutsa nthano za ku Germany m'chaka cha 1812, buku lawo linali ndi ndemanga za anthu ophunzira, ndipo munali nkhanza ndi zina zimene makolo anadandaula nazo. M'kusindikiza kotsatira anakonzakonza: mayi weniweni amene anafuna kupha mwana wake anasandulika mayi womupeza, ndipo m'chaka cha 1825 anatulutsa kabuku kakang'ono ka nthano 50 kokhala ndi zithunzi, koyenera ana. Nthano zinali zomwezo. Chimene chinasintha ndi wogula.

Mawu akuti "Young Adult" ndi a dzulodzuloli poyerekeza ndi zimenezi, ndipo anabadwira m'nyumba zosungira mabuku za ku America. Kumeneko ana anayamba kukhala pasukulu mpaka zaka 17 kapena 18, ndiye panaoneka gulu latsopano la anthu, aakulu thupi koma osakwatira ndi osagwira ntchito, amene shelefu ya ana inkawachititsa manyazi ndipo ya akulu inkawatopetsa. M'chaka cha 1957 bungwe la American Library Association linakhazikitsa nthambi yapadera yoyang'anira owerenga amenewa. Osindikiza mabuku ataona kuti pali msika, anayamba kudinda mawuwo pachikuto. Ngakhale kuno tinalawako: amene anali ku sekondale m'zaka za m'ma 1980 akukumbukira mabuku a Pacesetters, amene kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977 polinga achinyamata a mu Africa, ndipo ankayenda pansi pa madesiki mpaka chikuto kuthothoka. Choncho poyamba penipeni mawuwa ndi chikwangwani cha m'sitolo, chouza munthu kumene angapeze katundu. Ndipo ogula okha sachimvera. Buku loyamba la Harry Potter litatuluka mu 1997, akuluakulu ambiri anayamba kuliwerenga, kotero kuti chaka chotsatira osindikiza analipangira chikuto china chosaoneka chachibwana, mawu a m'kati osasintha ngakhale limodzi. Kafukufuku wa kampani ya Bowker mu 2012 anapeza kuti mwa ogula 100 alionse a mabuku otchedwa a achinyamata ku America, 55 anali anthu a zaka 18 kapena kuposerapo, ndipo ambiri mwa iwo ankagulira iwo eni.

Munthu amene anatsutsa mwamphamvu maganizo akuti nthano zodabwitsa ndi za ana anali Mkatolika mnzathu, J.R.R. Tolkien. Iye anabadwira ku Bloemfontein mu 1892, ndipo mayi ake atamwalira mu 1904 analeredwa ndi wansembe, Bambo Francis Morgan wa ku Birmingham. M'chaka cha 1939, ku St Andrews, m'dziko lomwelo la Scotland kumene kunachokera amishoni a pa Bandawe, anakamba nkhani imene mfundo yake inali yakuti nthano zinafika m'chipinda cha ana mwangozi chabe, monga mipando yakale imene akulu atopa nayo amakaiponya kumene kumasewera ana. Anati ana si mtundu wina wa anthu, ndipo nthano yoyenera kuwerengedwa ndi yoyenera akulu omwe. Iye mwini anatulutsa The Hobbit mu 1937 ngati nthano ya ana, koma ataipitiriza inakula m'manja mwake mpaka kukhala The Lord of the Rings, imene inatuluka mu 1954 ndi 1955, nkhani ya imfa, chifundo ndi chiyeso cha ulamuliro. Nanga malire a msinkhu anali pa tsamba liti?

Ife Amalawi sitifunikira mzungu kuti atiuze zimenezi, chifukwa tinaziona ndi maso. M'nthawi ya chipani chimodzi, pamene bungwe loona za mabuku limene linakhazikitsidwa mu 1968 linkasefa chilichonse chosindikizidwa, olemba athu anathawira kuti? Anathawira ku nthano. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula miyala ndi kukokolola midzi, nanena nacho zimene munthu sakanatha kunena poyera. Jack Mapanje anatcha buku lake la mu 1981 Of Chameleons and Gods, ndipo ngati wina ankaganiza kuti za bilimankhwe ndi zoseweretsa ana, a boma sanaganize choncho: anamumanga mu 1987 ndipo anatuluka ku Mikuyu mu 1991. M'zaka zomwezo makina osindikizira a Amonfoti ku Limbe anatulutsa Tales of Old Malawi mu 1974, ndi Land of Fire mu 1985, limene Bambo Matthew Schoffeleers analemba pamodzi ndi Adrian Roscoe. Wansembe wophunzira chotero sakanataya zaka zake pa zinthu zachibwana. Ndipo tikumbukire Sikusinja ndi Gwenembe, buku la J.W. Gwengwe limene ambiri tinaliwerenga m'kalasi. Munthu wapha mbale wake panjira chifukwa cha nsanje ya chuma, ndipo mbalame imene sangathe kuitseka pakamwa ikumutsata ndi nyimbo mpaka kumudzi. Ankatipatsa ife ana, inde. Koma kodi mbalame imeneyo imaimbira ana? Imaimbira aliyense amene ali ndi chinthu chokwirira kuthengo.

M'Malembo Oyera momwe muli umboni. M'buku la Oweruza, mutu 9, Abimeleki atapha abale ake kuti alowe ufumu, Yotamu amene anapulumuka anaima pa phiri la Gerizimu nakambira akuluakulu a ku Sekemu nthano ya mitengo imene inkafuna mfumu. Mtengo wa olivi unakana, mkuyu unakana, mpesa unakana, ndipo chinavomera ndi chitsamba chaminga. Mitengo yoyankhula, monga m'nthano za agogo, koma omvera anali amuna a ndevu zawo ndipo nkhani inali ya magazi. Mneneri Natani naye, pofuna kutsutsa mfumu Davide, anayamba ndi kankhani ka munthu wosauka ndi kankhosa kake kamodzi, ndipo mfumu inadziweruza yokha isanazindikire.

Komabe ndingakhale wosalungama ndikanena kuti mawu aja a pachikuto ndi opanda kanthu konse. Muli kanthu, koma si kamene mwana wa mayi uja anaganiza. Mukawerenga mabuku angapo a mtundu umenewu mupeza kuti pafupifupi onse akukamba za munthu mmodzi yemweyo: wachinyamata amene wafika pakhomo la ukulu, wachoka kwawo, wapeza kuti ali ndi mphamvu imene sakuidziwa bwino, ndipo akulu amene ankawadalira mwina palibe kapena alephera. Mu 1968 Ursula Le Guin, atapemphedwa ndi wosindikiza kuti alembere ana osinkhuka, anatulutsa A Wizard of Earthsea, nkhani ya mnyamata wa pachilumba amene chifukwa cha kunyada anamasula chithunzithunzi choopsa, ndipo anayenera kuchisaka yekha pa bwato, chilumba ndi chilumba, kufikira atazindikira kuti dzina lake la chinthucho ndi lake lomwe. Mnyamata aliyense wa ku Chintheche amene anapalasapo bwato usiku kupita kukaponya chilimila angalimve bukuli m'mafupa.

Ndipo dera lino likuidziwa bwino nkhani ya wachinyamata wochoka kwawo. Kwa zaka zambiri anyamata a Chitonga ankati akangotha sukulu ulendo wa ku Salisbury, ku Bulawayo kapena ku Joni. Clements Kadalie, wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, anachoka mu 1915 ali ndi zaka pafupifupi 19, ndipo pofika 1919 anali atayambitsa ku Cape Town bungwe la anthu apantchito la ICU, limene linagwedeza South Africa yense. Ena ambiri sanamvekenso, timawatcha matchona. Lero njira ndi yomweyo, basi yokha ndiyo yasintha. Munthu wa msinkhu umenewu ali ndi mafunso akeake: ndidzakhala yani kumene sandidziwa? Ndikhulupirire ndani panjira? Ndikadzabwerera adzandilandira? Ngati mawu a pachikuto akutanthauza kuti nkhaniyi ikukamba za munthu woima pakhomo limeneli, ndiye akunena zoona. Akutiuza za mwini nkhani, osati za woyenera kuiwerenga.

Ife Akatolika tili nalo buku lotero m'Baibulo lathu, buku la Tobiti. Bambo wakhungu akutuma mwana wake Tobiya ku dziko lakutali la Mediya kukatenga ndalama zimene anasungitsa. Mayi akulira pakhomo. Mnyamata akunyamuka ndi galu wake ndi mlendo amene sakumudziwa kuti ndi mngelo Rafaele. Pa mtsinje wa Tigrisi chinsomba chikumulumphira, ndipo mnzakeyo akumuuza kuti achigwire, asunge mtima, chiwindi ndi ndulu. Kutsogolo kuli Sara, mtsikana amene amuna asanu ndi awiri anafa usiku wa ukwati chifukwa cha mzimu woipa, ndipo pobwerera ndulu ija ikutsekula maso a bambo. Sindikuyerekeza Mawu a Mulungu ndi nkhani zopeka za m'sitolo, ayi. Ndikungoti wogulitsa mabuku wa lero akanalipeza buku limeneli popanda kulidziwa, akanalidinda timawu tija tiwiri mosakayika. Koma Eklezia amaliwerenga pa maukwati, pamaso pa agogo ndi makanda omwe, ndipo amene amagwetsa misozi kawirikawiri ndi mayi amene mwana wake ali ku Joni.

Tsono pali nkhawa ina imene mayi uja sanaitchule msanga, koma ndinaiona m'maso mwake, ndiyo ya ufiti. Mzungu wolemba za sukulu ya amatsenga amalemba ali mtima phee, chifukwa kwa iye ndi kwa owerenga ake zimenezo ndi zopeka basi. Kwathu kuno mawu akuti mfiti amagwetsa nyumba. Taona nkhalamba zikuthamangitsidwa m'midzi ndi ana akukakamizidwa kuvomera kuti amauluka usiku, ngakhale lamulo la mu 1911 linaletsa kunenera munthu ufiti. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa ndime 2117, amaletsa kuchita zamatsenga ndi kufuna mphamvu zobisika zolamulira nazo anzathu. Kuwerenga nthano si kuchita matsenga, monganso kumva za Kalulu wakuba si kuba. Koma mwana wa zaka 13 amene mnzake wa m'kalasi ananenedwapo ufiti saliwerenga bukulo monga mwana wa ku London. Amene anadinda chikuto sanamuganizire mwana ameneyu, ndipo sakudziwa n'komwe kuti kuli Chintheche. Kuwonjezera apo, pansi pa chikwangwani chimodzi chomwecho pali mabuku oyenera mwana wa Sitandade 7 ndi ena odzaza nkhanza ndi zachiwerewere zimene ngakhale wa Fomu 4 zingamulemere. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine ndionjeza kuti nkhuyu zina zilibe nyerere, ndipo njira yodziwira ndi imodzi, kung'amba.

Mafunso amene kholo lingafunse ndi omwe gogo ankayankha popanda kufunsidwa. M'nkhaniyi, mphamvu ili ndi mtengo wake kapena imangobwera yaulere? Woipa akuoneka kuti ndi woipa? Wofooka ali ndi malo? Wolakwa angathe kubwerera? Chikuto sichiyankha zimenezi. Ndipo olemba athu ayamba kulima m'munda umenewu: Shadreck Chikoti anatulutsa Azotus the Kingdom mu 2015, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo adzabwera ena. Ndikanakonda kuti asafulumire kudzitsekera m'khola la msinkhu umodzi chifukwa choti kunja amatero.

Mayi uja ndinamuuza kuti ine eni ake a bukulo sindikuwadziwa, koma mwana wake ndiye akumudziwa. Iye Chingerezi amachimva pang'ono, choncho tinagwirizana kuti mtsikanayo aziwerenga mutu umodzi masana, ndipo madzulo akatha kudya aziukamba m'Chitonga pakhonde. Patapita milungu itatu tinakumananso pa msika, iye akugula usipa. Anandiuza kuti tsiku loyamba omvera anali iye ndi ana awiri, koma tsopano bambo a m'nyumba amabwera ndi mpando wawo, ati kudzapunga mphepo. Mutu wina mtsikanayo anaudumpha, ndipo atamufunsa chifukwa anayang'ana pansi. Anakambirana awiri m'mawa mwake popita kukatunga madzi. Amene akuvuta ndi agogo. Iwo akuti nkhaniyo ndi yabwino, mtsikana wa lupangayo ndi wolimba mtima, koma sakumvetsa kuti chinjoka chachikulu chotero chingathe bwanji mitu khumi ndi iwiri osaimbako nyimbo ngakhale imodzi, ndipo usiku wathawo anachipekera yawo, ana n'kumavomera.